Funsani Amisiri: Tebulo la Ntchito ndi Mabogi a Tisitima

Makalata ambiri mwezi uno achokera kwa omwe akuyamba kulumikiza okha mabogi a katundu a tisitima tating'ono, aja amagulitsidwa m'zidutswazidutswa otchedwa kit. Tasankhapo asanu ndi awiri.

FUNSO: Amisiri, ndilibe chipinda chapadera. Nditha kugwirira ntchitoyi patebulo wamba, kapena mpaka ndikhometse benchi? Nanga zida zoyambira ndi ziti? Ndine wongoyamba kumene.

YANKHO: Achimwene, musadikire chipinda. Bogi ya mawilo anayi ya sikelo ya OO, yomwe ndi yochepa maulendo 76 poyerekeza ndi yeniyeni, ndi yaifupi ngati chala chanu chamkombaphala, ndiye malo omwe manja amagwirapo ntchito ndi ochepa kwambiri. Pezani pulayiwudi wochindikala mamilimita 12, wa masentimita 60 mulitali ndi 40 mulifupi. Mukhomereni timatabwa totalika masentimita 2 kumbuyo ndi m'mbali zonse ziwiri, kutsogolo kukhale kosatchinga. Thireyi yotereyi mumaiika patebulo lililonse losagwedera, mukamaliza n'kuinyamula ndi zonse zili pomwepo. Timatabwato tisakuchepereni m'maso: tizidutswa tambiri timatayika pogubuduzika.

Pathireyipo pakhale mphasa yodulirapo ya saizi ya A4 kapena A3, ndi galasi lochindikala mamilimita 6, la masentimita pafupifupi 20 ndi 15, m'mphepete mwake mutamata tepi kuti lisakuchekeni. Kalilole wosweka m'kona amagwiranso ntchito. Pa zonse zomwe titchule pano, galasili ndi lomwe silingasowe, ndipo muona chifukwa chake pa funso lachiwiri. Thabwa, ngakhale lopalidwa bwino, limapindika ndi chinyezi, pomwe galasi limakhala lathyathyathya mpaka kalekale.

Nyale ikhale yokhotetseka, ya babu loyera ngati kuwala kwa masana, lolembedwa pakati pa 5000K ndi 6500K. Ngati mumagwira ndi dzanja lamanja, iikeni kumanzere kuti mthunzi wa dzanja usagwere pomwe mukudula. Babu lachikasu limanamiza maso pa mtundu wa penti. Matebulo ambiri amatalika masentimita 73 mpaka 75, omwe ndi abwino polemba koma ndi otsika pa ntchito yaing'ono chonchi. Tsitsani mpando pang'ono kuti ntchito iyandikire kumaso, apo ayi khosi ndi msana zikuwawani ola lisanathe. Khalani pafupi ndi zenera lotsegula chifukwa cha fungo la guluu ndi penti. Ngati pansi pali kapeti, chitani zomwe amachita osula ndolo ndi mphete: valani epuloni, nsonga yake yam'munsi muipanikize kunsi kwa tebulo, kuti chogwa chigwere pansalu.

Zida zoyambira sizichuluka. Mpeni wa lezala yosinthika, monga chogwirira cha Swann-Morton nambala 3 ndi lezala ya 10A, kapena X-Acto ya nambala 11. Chodulira chokhala ndi mbali imodzi yosalala, chochotsera zidutswa pachimango chake. Timatupa tiwiri, kathyathyathya ndi kobulungira. Sandipepa wa 400, 600 ndi 1000. Wina mum'mate pakathabwa kosalala kuti akhale ngati tupa. Sikweya yachitsulo yaing'ono, rula yachitsulo, kapani ka tweezers, ndi kachogwirira ka dirilo kozunguza ndi zala, pamodzi ndi timadirilo ta mamilimita 0.5, 1 ndi 2. Dirilo yamagetsi musaigule panopa, imathamanga mpaka kusungunula pulasitiki. Botolo la guluu muliike m'kathabwa kobooledwa molingana nalo, chifukwa likatayikira pa kit ndiye kuti kit yatha.

FUNSO: Ndalumikiza mabogi atatu apulasitiki. Amaoneka bwino, koma awiri amagwedera ndikawaika panjanji ndipo amatuluka pamphambano. Njanji ndayeza, ilibe vuto, chifukwa mabogi ogula kale akudutsa bwinobwino. Ndikulakwitsa pati? Ndine bambo wopuma pantchito.

YANKHO: Bambo, kugwederako kukutiuza kuti bogi ikuima ndi mawilo atatu. Bogi ya mawilo anayi yopanda masipuling'i ili ngati tebulo la miyendo inayi: chesisi ikapotoka ngakhale theka la milimita, wilo limodzi limakhala m'mwamba. Mlomo wa wilo, womwe umaligwiritsa kunjanji, ndi wosakwana kapena wongofika milimita imodzi pa mawilo amakono. Wilo likakwera theka la milimita, mlomowo umatsala ndi pogwira pochepa, ndipo pamphambano limangodumpha.

Ikani bogi pagalasi, mukanikize kona iliyonse ndi chala. Ikagogoda, yapotoka. Kapepala kopyapyala kasalowe pansi pa wilo lililonse.

Kupotoka kumabadwa polumikiza, ndiye tsatani dongosolo ili. Choyamba dulani zidutswa ndi chodulira, osathyola ndi manja, musiyeko kachitsa kakang'ono kuti mukachotse ndi tupa. Palani ndi msana wa lezala mizere ndi timapepala ta pulasitiki totsalira pomwe chikombole chinakumanirana, makamaka pamwamba pa mitanda iwiri yam'mbali yotchedwa solebar, pomwe imakhudzana ndi pansi pa bogi. Kachitsa kamodzi kotsalira pamenepo n'kokwanira kupendeketsa mtanda wonse. Yesani kukumanitsa zonse popanda guluu. Chosakwana bwino chisakakamizidwe. Guluu sawongola chokhota.

Thupi lilumikizidwe motere: mbali imodzi ndi mapeto amodzi zikumane ngati chilembo cha L, sikweya ili mkati mwa kona. Pangani L wina, kenako muwakumanitse awiriwo kuzungulira pansi. Kawirikawiri chidutswa cha pansi chimakhala chachikulupo pang'ono. Chichepetseni pasandipepa mpaka chilowe chokha. Mukachilowetsa mokakamiza, makona amatseguka kapena thupi limapotoka. Tembenuzani thupilo chafufumimba pagalasi, muone ngati makona onse anayi akukhudza.

Tsopano pomwe pagona nkhani. Mabering'i amkuwa, aja ooneka ngati kachipewa, amalowa m'mabowo a mamilimita 2 kuseri kwa mabokosi a ekiselo. Yeretsani bowolo ndi dirilo yozunguza ndi zala, kawiri kapena katatu basi, kuopa kutulukira kunja. Bering'i ikhale pansi ndithu, mlomo wake wonse utakhudza pulasitiki, ndipo zonse zinayi zilowe mofanana. Matani mtanda umodzi wokha, muuimike chilili ndi sikweya, muusiye ola limodzi ulimbe. Kenako ikani mawilo, bweretsani mtanda wachiwiri, muugwire ndi zala kapena kalabala kofewa, osamata. Yang'anani kuchokera pansi: ma ekiselo awiriwo akhale mofanana ngati mizere ya m'kope, komanso opingasa ndendende ndi mitanda. Mtanda umodzi ukatsogola pang'ono, ma ekiselo amapendeka ndipo bogi imayenda chambali ngati nkhanu. Zikakhala bwino, donthezani guluu malo awiri okha, tembenuzani bogi iime ndi mawilo ake pagalasi guluu akadali wofewa, muikanikize pang'ono kuti mawilo onse anayi akhudze. Ikani kanthu kolemera magalamu 50 kapena kupitirirapo pang'ono pamwamba, muisiye pagalasipo usiku wonse. Mawa lake ndi pomwe mumalize kuthira guluu mzere wonse. Ambiri amalakwa apa chifukwa chothamangira mabuleki ndi mabafa (aja ogundanirana kumapeto kwa bogi) tsiku lomwelo, pulasitiki ikadali kuyenda.

Ekiselo ya ma kit a ku Britain a OO imatalika mamilimita 26 kuchokera nsonga mpaka nsonga. Izizungulira yokha mukaikhudza, ndi kampata kakang'ono kwambiri kosewera uku ndi uku. Ikathina, timiyendo togwira ekiselo timakanuka. Ikakhwepa kwambiri, nsonga imatsika m'bering'i ndipo bogi imapendama.

Chinanso muyeze mpata wa pakati pa misana ya mawilo awiri a ekiselo imodzi. Pa OO ukhale mamilimita pafupifupi 14.5. Ukachepa, mawilo amakwera pa tinjanji tolondolera ta pamphambano. Ukachuluka, mlomo wa wilo umagunda nsonga ya pomwe njanji zapingasana. Kachitsulo koyezera mpatawu kamagulitsidwa, ndipo ekiselo iliyonse iyezedwe, ngakhale yatsopano. Potsiriza onani nsapato za mabuleki. Zikhale moyang'anizana ndi wilo koma zosalikhudza. Kapepala kadutse pakati. Yesani pa njanji ya mita imodzi yokwezedwa mbali imodzi masentimita 2.5. Bogi yabwino imatsetsereka yokha.

Awiri opotokawo atha kuchira. Pakani guluu wamadzi pamzere wa mtanda umodzi kuti ufewe, muutsegule ndi lezala pang'onopang'ono, mulowetse kapulasitiki kopyapyala mamilimita 0.25 pakati pa mtanda ndi pansi kumbali ya wilo lomwe lili m'mwamba, n'kuibwezera pagalasi.

FUNSO: Guluu wanga akuwononga ntchito. Pena akusiya chidindo cha chala, pena zidutswa zina sizikugwira konse. Guluu woyenera ndi uti? Ndine mtsikana wa kusekondale.

YANKHO: Chemwali, guluu wa ma kit apulasitiki samata ngati ulimbo. Ndi mankhwala osungunula polystyrene, pulasitiki yomwe amapangira ma kit amenewa. Mbali ziwirizo zimafewa, n'kusakanikirana, mankhwalawo n'kuuluka. Otchuka ndi butanone, yemwe amalembedwanso kuti MEK, Tamiya Extra Thin ndi Humbrol Liquid Poly. Kagwiritsidwe kake ndi kogwirizitsa zidutswa kaye zili zouma, kenako kukhudza mzere wokumaniranapo ndi kaburashi kuchokera mkati. Madziwo amadziyenda okha mumzeremo. Chala chanu chikakhala pamzerewo, amatsatanso chalacho, ndiye chidindo chija. Gwirani patali ndi mzere. Akadontha poonekera musapukute. Musiyeni aume tsiku lathunthu, mudzasalaze ndi sandipepa wa 1000.

Zomwe sizikugwirazo mwina si polystyrene. Ma kit ena amakhala ndi zidutswa za pulasitiki ina yotchedwa ABS, zofuna mankhwala amphamvupo monga Plastic Weld. Pulasitiki yoterera ya zokolera zina zolumikizira mabogi, chitsulo ndi resin sizisungunuka konse, ndiye zimafuna supa guluu kapena epoxy wosakaniza ziwiri. Supa guluu mum'donthezere pakapulasitiki, muzim'tapa ndi nsonga ya waya. Akachuluka amasiya nkhungu yoyera, makamaka pa mawindo, ndipo akalowa m'bering'i ekiselo siizunguliranso. Asakhudze thonje, chifukwa amatentha nalo mpaka kuotcha khungu.

Pa bogi yotseka ya denga, boolani pansi bowo la mamilimita 2 musanamate denga. Mpweya wa mankhwala ukatsekeredwa mkati umapitiriza kufewetsa pulasitiki, ndipo pakapita masabata mbali zimalowa mkati. Khoma la pulasitiki ya milimita imodzi loikidwa mopingasa pakati pa thupi limathandizanso. Zenera likhale lotsegula, botolo lizivundikiridwa, ndipo moto ukhale kutali.

FUNSO: Ndamva kuti bogi ya kit imafuna kulemeretsa. Ndiike zochuluka bwanji? Mnzanga akuti ndithire timipira ta mtovu ndi guluu woyera wa matabwa. Ndine wowerenga wanu wa mwezi ndi mwezi.

YANKHO: Akulu, kulemeretsa n'kofunika, koma malangizo a mnzanuwo musawatsate. Guluu woyera wa PVA amatulutsa asidi yemwe amadya mtovu pang'onopang'ono. Mtovuwo umachita ufa woyera n'kufufuma, ndipo pakatha miyezi kapena zaka umang'amba thupi la bogi kuchokera mkati. Matani mtovu ndi epoxy kapena supa guluu. Guluu wa nsapato nayenso ayi, chifukwa mankhwala ake amapinda pulasitiki mochedwa.

Bogi yapulasitiki yopanda kanthu nthawi zambiri sifika magalamu 20. Ikakhala pakati pa mabogi olemera, pokoka pakona imagwera mkati, pokankha imakwera njanji. Bungwe la okonda tisitima tating'ono la ku America, la NMRA, limalangiza, pa sikelo ya HO (yocheperapo pang'ono kuposa OO), aunzi imodzi kuwonjezerapo theka la aunzi pa inchi iliyonse ya utali wa bogi, kutanthauza magalamu pafupifupi 28 kuphatikiza 14 pa masentimita 2.5 aliwonse. Omanga mabogi afupiafupi a ku Britain amakonda zopepukirapo, magalamu 30 mpaka 50 pa bogi ya mawilo anayi. Ife tikuona kuti nambala yeniyeni si yofunika kuposa kufanana: sankhani imodzi, monga 40, mabogi onse afike pamenepo. Sikelo yaing'ono yoyeza magalamu ikhale patebulo.

Cholemeretsa chikhale pansi ndithu komanso pakati. Mu bogi yotseka, chimateni pansi mkati musanaike denga. Mu yotsegula, dulani mtovu wophwatalala ulowe pakati pa mitanda kunsi, kapena muubise pansi pa katundu. Ngati mudzamasula zokolera ndi maginito, pewani manati achitsulo, chifukwa maginito amakoka bogi yonse. Mukagwira mtovu sambani m'manja, ndipo ukhale kutali ndi ana.

FUNSO: OO ndi HO zimayenda panjanji imodzi. Ndiye ndi chinthu chimodzi? Ndine kholo lomwe likufuna kugulira mwana.

YANKHO: Ayi, kholo lathu. Njanji ndi imodzi, ya mamilimita 16.5, koma HO ndi 1:87 pomwe OO ndi 1:76, kapena kuti mamilimita 4 pa futi imodzi. Bogi ya OO imaoneka yaikulupo ikaima pafupi ndi ya HO. OO ndi ya masitima a ku Britain. HO ndi ya ku America ndi maiko ambiri a ku Ulaya. Kunena zoona njanji ya 16.5 ndi yopapatiza pa sikelo ya OO, n'chifukwa chake ena amamanga pa njanji zotambalalapo zotchedwa EM, ya mamilimita 18.2, kapena P4, ya 18.83. Kwa woyamba, kit yapulasitiki ya OO ya bogi yotsegula, monga za Parkside, Ratio, Cambrian kapena Dapol, ndi poyambira pabwino. Onani ngati mawilo, mabering'i, zokolera ndi zilembo zilimo, chifukwa si ma kit onse amabwera nazo. Sikelo ya N, ya njanji ya mamilimita 9, idikire kaye manja azolowere. Mwana akhale ndi wamkulu pogwira lezala ndi guluu.

FUNSO: Ndapenta bogi ya malasha ya British Railways ya matani 16, koma penti akusupuka m'makona ndipo manambala omata akunyezimira ngati siliva kuzungulira. Ndikonze bwanji? Ndine mayi wokonda ntchito zamanja.

YANKHO: Mayi, mwasankha bogi yabwino. Mabogi enieni a kapangidwe kamodzi kokha, kotchedwa pulani 1/108, anapangidwa opitirira 200,000, ndiye zithunzi zoonera n'zambiri.

Kusupukako ndi mafuta, a m'zala ndi a m'chikombole. Musanapente, chotsani mawilo, tsukani bogi ndi madzi ofunda, sopo wa mbale ndi mswachi wakale, muitsukuluze, iume usiku wonse. Madzi otentha ayi, amapinda pulasitiki. Tsekani mabering'i ndi kachidutswa ka tepi. Poperani penti woyamba wa primer muli pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30, mopyapyala, maulendo awiri. Kupopera kamodzi kochindikala kumakwirira timitu ta marivheti. Penti wa enamel apatsidwe maola osachepera asanu ndi limodzi musanabwerezepo, ndi tsiku lathunthu musanagwire. Wa acrylic amauma ola lisanathe koma amachedwa kulimba. Podutsa njanji pa mawilo pakhale popanda penti.

Kunyezimirako ndi mpweya. Penti wosawala amakhala wamanyamanya ukamuona pagalasi lokulitsa, ndiye kapepala ka manambala kamakhala pamwamba pa timapiri, mpweya n'kutsalira pansi. Pakani vanishi wowala pamalo pomwe pakhale manambala. Dulani nambala pafupi kwambiri ndi zilembo, iviikeni m'madzi ofunda masekondi 10 mpaka 20, muiike pakansalu mpaka iyambe kuterereka, n'kuikankhira pamalo pake ndi burashi yonyowa. Pali mankhwala awiri amadzi othandiza nambala kumata bwino: Micro Set amapakidwa pansi pake, Micro Sol pamwamba. Ikachita makwinya musaikhudze, imadziwongola pouma. Zomwe zanyezimira kale, zibooleni ndi nsonga ya singano malo angapo, mupake Micro Sol, mubwereze kawiri kapena katatu. Mukamaliza poperani vanishi wosawala tsiku lopanda chinyezi, chifukwa chinyezi chimam'chititsa mbuu.

Pa mtundu: British Railways, kampani ya boma ya njanji ku Britain yomwe inayamba mu 1948, inkapenta motuwa mabogi opanda mabuleki a vacuum (oyendetsedwa kuchokera ku injini), ndipo okhala nawo inkawapenta mofiirira, mtundu wotchedwa bauxite. Pa otuwawo manambala oyera ankalembedwa pa tizigamba takuda. Mzere woyera wopendeka wa m'mbali ukwere kulowera kumapeto komwe kuli chitseko. Apa ambiri amasokoneza pa mbali yachiwiri, pomwe mzerewo uyenera kupendekera kwina kuti mizere yonse iwiri iloze mapeto amodzi. Mabogi amenewa ankachita dzimbiri kwambiri, ndiye dzimbiri lake muzitengera pachithunzi cha bogi imodzi yeniyeni, muyambire mkati ndi m'mphepete mwa zitseko.

FUNSO: Ndapatsidwa kit yachitsulo chofewa chotuwa, ndi tizidutswa tina tamkuwa topyapyala. Ndimate ndi guluu kapena ndiwotcherere? Ndili ndi chowotcherera cha mawailesi. Ndine wokonza zamagetsi.

YANKHO: Amisiri anzathu, luso muli nalo, koma chowotcherera chimenecho chisayandikire. Chitsulo chotuwacho ndi whitemetal, ndipo chimasungunuka msanga. Nsonga ya chowotcherera chosachepetseka moto imapitirira madigiri 350, ndiye kachidutswa kakang'ono kamasanduka dontho musanaphethire. Pamafunika chowotcherera chosinthika moto, chotsitsidwa kufika pafupifupi madigiri 150 mpaka 180, ndi solder (chitsulo chowotcherera) wosungunuka pa madigiri 70, pamodzi ndi flux (mankhwala othandiza solder kugwira) wamadzi wa phosphoric acid. Yeserani pa zotsalira za chimango kaye. Ubwino wa njirayi ndi woti mukalakwitsa, mumaviika m'madzi owira zidutswa n'kulekana.

Solder wa 70 sagwira bwino mkuwa wosakonzedwa. Pakani kaye mkuwawo solder wa madigiri 145 mopyapyala, kenako muulumikize ku whitemetal ndi wa 70. Nsonga ya wa 70 ikhale yakeyake, isasakanizidwe ndi ya mawailesi. Popinda tizidutswa tamkuwa pa madigiri 90, mzere wokumbidwa theka ukhale mkati mwa kona, pokhapokha pepala la malangizo litanena zina, ndipo mupinde kamodzi, chifukwa kubweza kumathyola. Palani pokumanirapo mpaka pawale musanawotche. Mukamaliza tsiku lililonse tsukani ndi sopo ndi mswachi, apo ayi flux wotsalira adzadya penti ndi kuchititsa dzimbiri ma ekiselo. Solder wina wa 70 amakhala ndi cadmium, ndiye utsi usapumidwe.

Guluu amathekanso: epoxy wa mphindi zisanu pa zidutswa zikuluzikulu, supa guluu pa zing'onozing'ono. Zidutswa za whitemetal zimabwera zitakhota pang'ono kawirikawiri. Ziwongoleni ndi zala pagalasi musanalumikize, ndipo mugwiritse ntchito tupa wakale chifukwa chitsulochi chimatseka mano ake. Cholemeretsa sichifunika, bogiyo imalemera yokha, ndiye pasitima muiike kufupi ndi injini, mabogi apulasitiki atsatire kumbuyo.